Kanema Wotikayikitsa Maso Athu Omwe

Ambiri a ife tikamva za kanema wa sayansi yopeka timaganiza za zombo zopita ku nyenyezi ndi mfuti zolavula moto. Komatu alipo akanema ena amene amasiya munthu akudzitsina kuti aone ngati ali maso. Wotchuka mwa onsewo ndiye The Matrix, amene anatuluka m'chaka cha 1999, ndipo anamkonza ndi abale awiri a ku America a banja la Wachowski.

Nkhani yake ili motere. Mnyamata wina, dzina lake Neo, amagwira ntchito ya makompyuta mumzinda waukulu. Tsiku lina munthu wotchedwa Morpheus anamuonetsa mapiritsi awiri: akamwa labuluu apitiriza moyo wake wakale, akamwa lofiira adziwa zoona. Neo anamwa lofiira, nadzidzimuka ali m'chibeseni cha madzi onanda, chingwe chitalowa kunkhongo kwake. Mzinda uja, ntchito ija, ngakhale chakudya chimene ankadya, zonse zinali uthenga wotumizidwa muubongo wake ndi makina amene anagonjetsa anthu kalekale. Akuti makinawo amaweta anthu kuti azipeza magetsi m'matupi mwawo. Apa pokha a phunziro la Physics angatsutse, pakuti mphamvu imene thupi limatulutsa siingapose ya chakudya chimene lalandira.

Nanga n'chifukwa chiyani nthano yotereyi imatisautsa mtima? Yankho lili m'phunziro la Biology. Diso palokha siliona. Kuwala kukalowa m'diso, minyewa imanyamula uthenga wonga timagetsi n'kukautula kuubongo, ndipo ubongo ndiwo umapanga chithunzi. Ubongowo umakhala mumdima wa m'chigaza, sunakhudzepo mtengo kapena mwala. Umangokhulupirira amithenga ake. Tsono amithenga akanama, udzadziwa bwanji? Usiku uliwonse timalota, ndipo tili m'tulomo sitikayika konse. Alipo anthu odulidwa mwendo amene amamvabe kuwawa kuphazi limene kulibe.

Funsoli silinayambe ndi kanema ayi. René Descartes, Mfalansa uja amene anatisiyira mizere ya x ndi y m'masamu, analemba m'chaka cha 1641 za chiwanda chochenjera chimene chingamnamize pa zonse zimene aona ndi kumva. Chimene anapeza kuti sangachikayike n'chakuti iye mwini alipo, pakuti wonamizidwa ayenera kukhalapo kuti anamizidwe. Okonza The Matrix anangochotsa chiwanda naikapo kompyuta.

Koma kwa ine munthu wofunika kumuganizira m'kanemayu si Neo, ndi Cypher. Iyeyu anamwa kale piritsi lofiira, nakhala zaka 9 m'dziko lenileni, lozizira ndi lamdima, akudya phala losakoma. Atatopa, anakumana ndi Smith, mtumiki wa makina, m'nyumba yodyera ya m'dziko labodza lija. Akutafuna nyama yonona, anavomera yekha kuti nyamayo kulibe, komabe anagwirizana zopereka Morpheus kuti amubwezeretse m'tulo. Tisafulumire kumuseka, pakuti njala ndi chisanu si zamasewera. Chimene chimamuulula ndi pempho lake lina, lakuti akabwerera asadzakumbukire kanthu kalikonse. Nyama ija ikanamkomera bwanji akukumbukira anzake amene anawagulitsa? Kubwerera komweko sanabwerere: atapha anzake atatu, anawomberedwa ndi Tank, amene iye ankayesa kuti wafa kale.