Mwana akati akufunsira ndalama za kafukufuku, musamunene kuti akuthawa ntchito

Sabata yathayi ndinali pa Mpingu kudikira minibasi yobwerera ku Lilongwe pamene bambo wina wachikulire, amene amawerenga tsamba lino, anandikokera pambali. Anali ndi dandaulo. Mwana wawo wamkazi, chisamba m'banjamo, anamaliza digiri ya sayansi ya zachipatala, amagwira ntchito mu labotale ina mumzinda, anakwatiwa ndipo ali ndi khanda kumbuyo. Tsopano wabwera ndi nkhani yoti akulemba makalata ofunsira ndalama kuti apitirize maphunziro ndi kuchita kafukufuku wa chitetezo cha m'thupi.

Bambowa anagulitsa fodya ndi mtedza zaka zambiri kuti mwanayu aphunzire, ndiye funso lawo linali lakuti kodi sukulu imeneyi siidzatha? Mkamwini wawo naye wamva kuti ndalamazo zimakhala mamiliyoni, wayamba kale kufunsa mitengo ya malata ndi simenti. Asewere awo akuti mkazi wamwini sangasiye khanda n'kumakathamanga ndi mabuku kwa azungu. Anthu atatu, maganizo atatu, ndipo onse sanafunse mwiniwake kuti ndalamazo ndi zotani.

Inu a ku Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Namitete, kafukufuku si mlendo kwa inu. Chitedze ili pakhomo panu pomwepo. Mtedza wa CG7 umene munagulitsa kuti mulipire fizi sunagwe kumwamba, unatuluka m'manja mwa anthu amene anakhala zaka akuyesa mbewu, kulemba, kulephera n'kuyambiranso. Wina anawalipira anthu amenewo nthawi yonse imene mbewuyo inali isanabereke kanthu. Za chipatala nazo zimayenda chimodzimodzi.

Tsegulani buku la kusikelo la mwana wanu. Ngati muli katemera wa malungo, dziwani kuti ntchito yomupanga inayamba m'chaka cha 1987. Kuyambira 2009 mpaka 2014 anamuyesa pa ana oposa 15,000 m'mayiko asanu ndi awiri a mu Africa, ndipo amodzi mwa malo amene ankayeserapo anali Lilongwe, pansi pa UNC Project, bungwe limene lili pa Kamuzu Central Hospital. Ndalama zinachokera ku kampani ya GSK ndi bungwe la PATH mothandizidwa ndi Bill & Melinda Gates Foundation. Pa 23 April 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kubaya ana katemerayu kusikelo, patsogolo pa Ghana ndi Kenya, ndipo mu October 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti afalikire. Amene ankayeza magazi a anawo kuti aone ngati asilikali a m'thupi akudzuka atabayidwa katemera, ntchito yawo ndi imeneyi imene mwana wa bambo uja akuifuna. Pachizungu amati immunology. Mukamva za CD4 kuchipatala, ndi nthambi yomweyo.

Achinyamata amene muli pabanja, palinso china chokukhudzani. Mu 2011 kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene mabanja a ku Lilongwe ndi Blantyre anatenga nawo mbali, anaonetsa kuti munthu amene ali ndi HIV akayamba msanga ma ARV, mpata wopatsira mnzake wapabanja umatsika ndi 96 peresenti. Mabanja angati amene lero ali pamodzi, wina ali nako wina alibe, ana akubadwa bwinobwino? Ndalama za kafukufuku ameneyu zinachokera ku NIH, nthambi ya boma la America yoona za kafukufuku wa zaumoyo.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Ndalama zambiri za ntchito imeneyi zimachokera kunja. Boma lathu lili ndi National Commission for Science and Technology imene nthawi zina imalengeza timatumba ta kafukufuku, koma thumba lake ndi laling'ono poyerekeza ndi la akunja. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, imene inayamba mu 1995 pa Queen Elizabeth Central Hospital ndi ndalama za bungwe la Wellcome la ku Britain. Kumeneko achinyamata ambiri amalowa ngati ophunzira ntchito, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka Masters ndi PhD. Pulofesa Henry Mwandumba, amene amafufuza za chitetezo cha m'mapapo ndi TB kumeneko, analandira mphoto ya Royal Society Africa Prize mu 2019. Ndi Mmalawi ngati mwana wanuyo.

Pali EDCTP, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya ndi a mu Africa umene unayamba mu 2003, womwe umalipira kuyesa mankhwala ndi akatemera komanso kuphunzitsa ofufuza. Pali DELTAS Africa, imene inayamba mu 2015 ndipo pano ikuyendetsedwa ndi Science for Africa Foundation ku Nairobi. Pali CARTA, yothandiza aphunzitsi a m'mayunivesite a mu Africa kuchita PhD, ndipo University of Malawi inali m'gulu la mayunivesite oyamba kulowamo. Wofuna kukaphunzira kunja amayang'ananso Commonwealth Scholarship ndi Beit Trust, imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Mayinawa ndawatchula dala kuti mwana akawatchula pakhomo musaganize kuti akukunamizani.

Koma palibe amene amadumpha kuchoka pa digiri yoyamba n'kukagwira thumba lalikulu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Zimayambira ku sekondale, pa Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi pa MSCE. Kenako digiri, kaya ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, kaya ku MUST ku Thyolo, kaya kwina. Ukatero umafuna mphunzitsi wokugwira dzanja, munthu amene ali kale ndi kafukufuku wake, n'kumuthandiza ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri, nthawi zambiri pa malipiro ochepa. Dzina lako likaoneka pa pepala limodzi kapena awiri a sayansi, m'pamene opereka ndalama amayamba kukuyang'ana. Ndiye mukaona mwana wa digiri akulandira ndalama yochepa kuposa mnzake wogulitsa mafoni, musafulumire kumuseka. Mwina ali pa sitepe imeneyi.

Ndipo kukanidwa n'kosayamba. Ofunsira amachuluka, malo amachepa. Munthu amalemba miyezi iwiri usiku ndi usana, yankho n'kubwera patatha theka la chaka kuti pepani. Tsiku limenelo si loti mumufunse kuti "sindinanene ine?" Muphikireni nsima, mawa ayambirenso.

Tsopano inu akamwini ndi akazi a ofufuza, tcherani khutu. Ndalama zimenezi zili mitundu iwiri ndipo musaziphatikize. Yoyamba ndi sikolashipu kapena fellowship, imene imalipira fizi, ulendo ndi kandalama kapamwezi kodyera ndi lendi. Kameneko ndiye kake, ndipo mukhoza kukhala pansi n'kukambirana kagawidwe kake monga banja. Yachiwiri ndi ndalama ya ntchito yeniyeniyo. Mwachitsanzo, mu 2021 Wellcome inakhazikitsa thumba la ofufuza ongoyamba kumene, lopereka malipiro ndi ndalama ya kafukufuku yofika mapaundi 400,000 pa zaka zisanu. Mukaisintha m'makwacha mutu umazungulira. Koma ndalama imeneyo siilowa mu akaunti ya mkazi wanu. Imapita ku yunivesite kapena ku bungwe, ndipo tambala iliyonse ili kale ndi ntchito yake: mankhwala a mu labotale, firiji yosungira magazi, mafuta a galimoto, malipiro a anamwino. Owerengera ndalama amabwera kudzafuna malisiti. Akatengapo yogulira malata chifukwa inu mwamukakamiza, wadzitsekera khomo mpaka kalekale, watsekeranso anzake obwera pambuyo, mwinanso kupolisi akafikako. Achibale amene amamva za mamiliyoni n'kuyamba kutumiza mauthenga a fizi, feteleza ndi maliro, muziwafotokozera inuyo mwamuna kapena mkazi wake, osamusiya yekha azioneka woumira.

Chinanso, ndalama izi zili ndi tsiku lothera. Zaka zitatu, zaka zisanu, basi. Si ntchito ya m'boma yodikira penshoni. Chaka cha 2025 chinatiphunzitsa zimenezi mowawa, pamene boma la America linatseka USAID ndi kusintha malamulo a momwe NIH imatumizira ndalama kwa ofufuza akunja. Anthu ogwira ntchito m'mapulojekiti a zaumoyo m'mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo kuno, analandira makalata oti ayambe akhala kunyumba. Choncho banja la wofufuza lisamatenge ngongole yaitali podalira thumba la zaka zitatu. Munda wa kumudzi musaugulitse, ndipo winayo ngati ali ndi ntchito kapena bizinesi asaisiye chifukwa choti mnzake wapeza fellowship. Apa bambo a pa Mpingu aja anali ndi mfundo, ndipo ndinawavomereza.

Nanga za khanda ndi ulendo wakunja? Choyamba funsani ngati ulendowo ulipodi. Ma PhD ambiri masiku ano munthu amachitira konkuno, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, n'kumangopita kunja miyezi yowerengeka kukaphunzira makina kapena kukakumana ndi aphunzitsi. Ngati ndi zaka zathunthu, werengani pamodzi pepala la malamulo, chifukwa ena amalipirira mkazi kapena mwamuna ndi ana, ena ayi. Dziwaninso kuti kuyambira January 2024 dziko la Britain silolanso ophunzira ambiri a Masters ya m'kalasi kutenga mabanja awo, kupatula amene akuchita digiri ya kafukufuku monga PhD kapena amene akulipiriridwa ndi boma. Zoterezi muzidziwe musanalonjezane kuti tipitira limodzi.

Ndipo itanani ankhoswe nkhani isanapse. Mugwirizane kuti mwana akhala ndi yani, ndalama ya pakhomo izichokera kuti, muziyankhulana liti, adzabwera kangati. Ndanena kale pa tsamba lino kuti mwamuna akapita ku Joni zaka zinayi mudzi wonse umati wapita kukasaka, koma mkazi akapita kusukulu chaka chimodzi timati wathawa banja. Ineyo chilungamo chake sindichiona. Opereka ndalama ambiri amalimbikitsa amayi kufunsira, ndipo ena amawonjezera nthawi kwa amene anaima kaye chifukwa cha uchembere. Ngati mwayi wagwera mayi wa m'nyumba, bambo a mwana, kusintha matewera sikunaphepo munthu. Agogo nawonso alipo.

Chenjezo limodzi kwa nonse. Pa WhatsApp ndi Facebook pamayenda mauthenga oti mwasankhidwa kulandira sikolashipu, tumizani kaye ndalama yolembetsera pa Mpamba kapena Airtel Money. Amenewo ndi akuba. Mabungwe ndawatchula aja salipiritsa munthu kuti afunsire thandizo lawo, ndipo sasankha munthu amene sanalembe kalata. Yunivesite ina ikhoza kufuna ndalama ya fomu yolowera, koma imeneyo imalipiridwa ku yunivesiteyo mwachindunji, osati pa nambala ya munthu. Palibenso malume a ku Capital Hill amene angalowetse dzina la mwana wanu pakhomo lakumbuyo, chifukwa owerenga makalatawo ndi akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana amene sadziwa n'komwe kuti Mpingu ili kuti. Mwana akabwera kudzapempha ndalama, yoyenera kumuthandiza ndi ya pasipoti, ya mayeso a Chingerezi monga IELTS ngati akufunika, ya makalata a magiredi ku yunivesite, ndi ya bando ya intaneti. Muuzeni akuonetseni chilengezocho pa tsamba lenileni la bungwelo, ndipo ngati Chingerezi chikukuvutani, pitani nacho kwa aphunzitsi a pa sekondale yapafupi akuwerengereni.

Kwa inu amene ana anu akadali ku pulayimale, mtsikana amene amafunsa chifukwa chake nesi amabaya mwana wosadwala musamukalipire kuti achepetse mafunso. Muyankheni zimene mukudziwa, zotsalazo akafunse kusikelo. Akafika Fomu 3 n'kufuna kusiya Chemistry chifukwa anzake akuti ndi ya anyamata, pitani kusukuluko mukaonane ndi aphunzitsi.

Bambo aja ndinawapempha chinthu chimodzi minibasi isanafike: aitane mwana wawo, mkamwini ndi asewere Lamlungu lina, mwanayo abwere ndi mapepala onse, awerenge mokweza n'kumasulira m'Chichewa kuti thandizolo ndi la zaka zingati, likulipira chiyani, ndipo likadzatha adzabwerera kuti. Anati achita zimenezo akamaliza kukumba mtedza. Kenako anandifunsa ngati mwanayo akadzamaliza adzakhale dokotala woti angathe kuwalembera mankhwala a BP. Ndinawauza kuti ayi, udokotala wa PhD ndi wina, mankhwalawo azikatengabe ku St Gabriel's ku Namitete. Anapukusa mutu n'kuseka, kondakitala akuitana kale za m'tauni.