Gaga Yekha Sakulitsa Nsomba

Anzathu a m'koparativa, ife a ku Mecanhelas nsomba timazidziwa. Nyanja ya Chiuta ndi ya Chilwa zili pafupi. Koma Chilwa imauma. Inauma mu 1968, mu 1995, ndiponso mu 2018. Ikauma, matemba amasowa, ndiwo zimavuta m'mudzi monse. Ndi chifukwa chake tinakumba dziwe lathu.

Chaka choyamba tinalakwa. Tinaikamo ana a makumba, n'kumawathira gaga basi. Miyezi inapita, nsomba zili ngati chala. Kuzizira kwa June kutafika, zina zinamera zoyera ngati thonje pakhungu, n'kufa. Thukuta lathu linapita pachabe.

Gaga yekha ali ngati nsima yopanda ndiwo. Amakhutitsa, koma samanga thupi. Mwana wa nsomba ali ngati mwana wa munthu. Akamadya bwino amakula msanga, ndipo matenda samugwira wamba. Ngakhale ku Ulaya, kumene amaweta nsomba yaikulu yotchedwa sturgeon, ana ake amawaonjezera mavitamini m'chakudya. Ife ndalama zoterozo tilibe. Koma ndiwo za nsomba zili pakhomo pomwepa.

Ndiwo yoyamba ndi madzi obiriwira. Tithire ndowe za nkhuku, za mbuzi kapena za ng'ombe pakona ya dziwe. Ndowezo zimameretsa ndere ndi tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso. Timeneti nditimene ana a nsomba amadya tsiku lonse. Ena amati madzi oyera ndiwo abwino. Ayi ndithu! Oyerawo ndi akumwa ife. Kwa nsomba ndi njala.

Kuyesa kwake nkosavuta. Tiviike mkono m'madzi mpaka pa chigongono. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, ndowe zachepa. Chikasowa mkono usanafike pa chigongono, zachuluka, tiyambe taleka.

Tsono gaga uja timusakanize ndi soya. Soya tiyambe tamukazinga, kenaka n'kusinja, chifukwa wamuwisi savuta m'kamwa mokha, amavutanso m'mimba. Fumbi la matemba lotsala pansi pa dengu tisataye. Chiswe nacho ndi nyama yabwino. Tisefe zonse kuti zikhale zosalala, paja kakamwa ka kansomba nkakang'ono. Ngati m'dziwe muli chilunguni, tiponyemonso masamba a mbatata.

Tidyetse kawiri, m'mawa dzuwa litakwera ndi masana, pamalo amodzimodzi. Tisathire chambiri. Chotsala chimaola pansi, madzi n'kuipa. Nthawi yozizira nsomba sizidya kwambiri, choncho tichepetse.

Amene ali pa ntchito ya dziwe sabata ino alawire m'mamawa kukaona. Akapeza nsomba zili pamwamba, zikuyasamula kukamwa, ndiye kuti mpweya wachepa m'madzi. Tsiku limenelo asathire gaga kapena ndowe. Atsegule ngalande kuti mulowe madzi atsopano, ndipo alembe tsikulo m'kope la koparativa.