Makina ndi Phunziro la Chingerezi: Mau kwa Aphunzitsi a Mawa ku Mwanza

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Mwanza amene ali pa sukulu ya uphunzitsi lero, kaya ku Blantyre kaya ku Chiradzulu, adzalowa m'kalasi losiyana ndi limene iye mwini anakuliramo. Pakuti m'chaka cha 2023 Boma, kudzera mu Unduna wa Maphunziro, linayamba ntchito yotchedwa BEFIT, imene cholinga chake ndicho kufikitsa matabuleti ku sukulu zonse za pulayimale za Boma, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu. Maphunziro a m'makinawa anakonzedwa ndi bungwe la onebillion, ndipo makinawo amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, chinthu choyenera kuyamikidwa ndithu, popeza midzi yambiri ya kwa Nthache ndi kwa Kanduku ilibe magetsi.

Tsono owerenga athu aone bwino pamene pagona nkhani. Ntchitoyi ilekezera pa Sitandade 4, koma ndi pa Sitandade 5 pamene mwana ayamba kumva maphunziro ake m'Chingerezi, kupatula phunziro la Chichewa lokha. Pomwe chilankhulochi chiyamba kumlemera, tabuleti yatsala m'mbuyo, ndipo amene watsala naye ndi mphunzitsi ndi choko chake. Komanso tonse tidziwa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza bwanji masamu.

Kuphunzitsa ndi makina si kwachilendo m'dziko muno. M'chaka cha 2008 wayilesi ya MBC inayamba kuulutsa maphunziro a Tikwere, ndipo mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, wayilesi inathandizanso ana ali kumudzi. Nzeru ya Tikwere inali yakuti mau a m'wayilesi ankauza mphunzitsi ndi ana chochita, kenaka nkukhala chete kuti anawo ayankhe, aimbe, kapena afunsane. Ntchito yeniyeni inkachitika pa kanthawi kachete kameneko. Kumene mphunzitsi ankangotsegula wayilesi nkukakhala pa mthunzi, ana ankangomva phokoso basi.

Kodi makina angapatse chiyani mwana wa ku Thambani? Angampatse khutu. Ife olankhula Chichewa tili ndi mavawelo 5 okha, pamene Chingerezi chili nawo ochuluka kwambiri, kotero kuti "ship" ndi "sheep" timawamva ngati liu limodzi. Ndipo "l" ndi "r" sitiwasiyanitsa kawirikawiri. Mphunzitsi, amene nayenso anakula ndi vuto lomweli, angathe kusunga m'foni yake nkhani yaifupi yowerengedwa bwino, naimvetsera ana katatu pa kasipika kakang'ono. Izi sizilira intaneti tsiku ndi tsiku. Choposa apo, angajambule mau a anawo powerenga, nawabwezera kuti adzimve okha. Mwana amene wadzimva yekha akunena "lice" m'malo mwa "rice" saiwala msanga, makamaka anzake akaseka pang'ono.

Koma lilime makina sangampatse. Mwana aphunzira kulankhula pamene pali munthu woyembekeza yankho lake. Apa Mwanza ali ndi mwayi umene maboma ena alibe, chifukwa pa chipata cha ku Zobue padutsa magalimoto akuluakulu ochokera ku Beira, Harare ndi Johannesburg, ndipo ana ambiri anaonapo amai awo akutsatsa manachesi kwa alendo a zilankhulo zina. Mphunzitsi wanzeru adzagawa ana awiriawiri, wina wogula, wina wogulitsa, nawauza kuti anenerere mtengo m'Chingerezi. Foni ingojambula, ndipo kalasi lonse liweruze pambuyo pake.

Kwa akuluakulu a sukulu za uphunzitsi pempho lathu ndi limodzi. M'zaka 2 zimene wophunzira akhala akukonzekera ntchitoyi, asamangomuonetsa potsegulira ndi potsekera makina ai. Ayesedwe pa phunziro limene batire lifa pakati, ana ochuluka akumuyang'ana, kuti aphunzitsi ake aone ngati angapitirize phunzirolo ndi pakamwa pake mpaka belu litalira.