Ku Phalombe, njira yopita kwa dokotala wa amayi imayambira ku sikelo

Amayi ena oyembekezera, makamaka amene amuna awo ali ku Joni, amafunsa komwe angapeze dokotala wa amayi wolandira inshuwalansi ya boma. Kuno kwathu inshuwalansi yotereyi kulibe. Zipatala za boma zimathandiza mwaulere, ndipo makadi ngati a MASM ndi a anthu amene amalipira okha kapena kulipiriridwa ndi kuntchito. Mlimi wa nandolo wa kwa Nazombe chomwe chimamutsegulira khomo ndi buku la kuchipatala basi.

Madokotala amene anazama pa za uchembere ndi matenda a amayi ndi ochepa m'Malawi, ndipo ambiri ali m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Zomba Central. Ntchito yaikulu m'maboma ili m'manja mwa anamwino azamba ndi makilinikala ofesala. Ena amawaderera poti si "madokotala enieni", koma maopareshoni ambiri ochiritsa amayi m'zipatala za m'maboma amachita ndi iwowa.

Kwa zaka zambiri boma la Phalombe linalibe chipatala chake chachikulu. Mayi akavutika pobereka ankathamangira naye ku Holy Family, chipatala cha mpingo wa Katolika chomwe chili pansi pa bungwe la CHAM. Zipatala za mishoni zimalipiritsa, koma kuyambira 2006 Unduna wa Zaumoyo wakhala ukupangana ndi zina mwa izo kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa mwaulere, boma n'kumabweza ndalamazo. Mgwirizanowu sukhudza matenda onse, choncho ndi bwino kufunsiratu musanagonekedwe. Mu 2022 chipatala chachikulu cha boma chinatsegulidwa ku Migowi, n'kupatsidwa dzina la John Chilembwe.

Nanga mayi amafika bwanji kwa katswiri? Amayamba sikelo pachipatala chaching'ono chapafupi, kaya ndi ku Nambazo, Chitekesa kapena Mpasa. Kumeneko azamba amayeza kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwake, HIV ndi chindoko, n'kupereka mapiritsi owonjezera magazi, Fansidar woteteza ku malungo, katemera wa kafumbata ndi neti. Akaona chokayikitsa amalemba kalata yotumiza mayiyo ku chipatala chachikulu, ndipo kukakanika kumeneko amamupititsa ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth. Wolumpha makwerero onsewa n'kukafika yekha ku Blantyre amangotha ndalama ya thiransipoti, mwinanso n'kubwezedwa.

Vuto lenileni ndi kuchedwa. Ambiri amabisa pakati mpaka mimba itaonekera, poopa anthu a maso oipa. Komatu BP ya mayi woyembekezera imakwera mwakachetechete, ndipo pomwe mutu ukuyamba kuwawa kwambiri, maso kuchita chidima, nkhope ndi manja kutupa, zinthu zimakhala zitafika kale pena. Kuyambira 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu asanachire, ulendo woyamba ukhale m'miyezi itatu yoyambirira. Kafukufuku wa dziko lino wa 2015-16 anapeza kuti amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, ndipo zambiri mwa imfa zotere zimabwera chifukwa chotaya magazi, BP ndi matenda olowa m'thupi pobereka.

Anthu a kwa Nkhulambe sanaiwale momwe namondwe wa Freddy anaonongera chipatala chawo ndi misewu mu Malichi 2023. N'chifukwa chake amene anachitidwapo opareshoni, amene ali ndi mapasa kapena mimba yoyamba, komanso amene akukhala kutali, akauzidwa kuti akadikirire kuchipatala asamazengereze, makamaka nthawi ya dzinja.

Za amayi si mimba yokha ayi. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri, chonsecho kuyezetsa kwake n'kwaulere m'zipatala za boma ndipo sikutenga nthawi. Atsikana anayamba kulandira katemera wa HPV m'dziko lonse mu 2019.

Abambo, perekezani akazi anu ku sikelo akangodumpha mwezi. Ngati pali chokudetsani nkhawa, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena imbani foni ku Chipatala Cha Pa Foni.