Chilolezo cha mkazi: zimene Morocco inaphunzira kuchokera m'mabuku ake a fiqhi

Pa 12 Malichi 2000 ku Morocco kunachitika zionetsero ziwiri tsiku limodzi. Mu mzinda wa Rabat anthu ankachemerera ndondomeko ya boma yosintha malamulo a banja, pomwe ku Casablanca chikhamu china, momwe munalinso amayi ambiri, chinkakana kuti zimenezo ndi nzeru za Azungu zofuna kugwetsa Shariya. Funso lenileni linali lakuti: kodi mkazi ali ndi mawu pa ukwati wake? Tiyeni tione zimene mabuku athu amanena tisanasankhe mbali.

Imam Bukhari analemba nkhani ya Khansa bint Khidham, mayi wa Chiansari amene anakwatiwapo kale. Bambo ake anamukwatitsa iye asakufuna, ndipo atakadandaula kwa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), ukwatiwo unathetsedwa. Hadith zina zimalamula kuti namwali nayenso apemphedwe chilolezo. M'Qur'an yolemekezeka, Surat An-Nisa ndime 19 imaletsa kulowa chokolo mokakamiza, mwambo umene Aarabu anali nawo Chisilamu chisanabwere.

Ma ulama anasiyana pa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi ya wali. Imam Abu Hanifa anaona kuti mkazi wamkulu, wanzeru zake, angathe kudzimangira yekha nikah, pomwe Imam Malik ndi Imam Shafi'i anati wali ndi wofunika. Yachiwiri ndi ijbar, mphamvu ya bambo yokwatitsa mwana wake namwali osadikira kuvomera kwake. Amaliki ndi Ashafi'i anailola ndi malire ake, koma Ahanafi anaikana pa mkazi amene watha msinkhu. Ibn Taymiyya, amene anamwalira mu 1328, anaikananso, ponena kuti bambo amene sangagwire chuma cha mwana wake wamkulu popanda chilolezo sangakhale ndi mphamvu yoposa pamenepo pa moyo wake wa m'banja.

Malamulo a banja a Morocco, otchedwa Mudawwana, analembedwa mu 1957 ndi 1958 motsatira madh-hab a Imam Malik. Zionetsero zija zitapita, Mfumu Mohammed VI inakhazikitsa komiti ya ma ulama, oweruza ndi akatswiri ena, kuphatikizapo amayi. Mu Okutobala 2003 mfumuyo inalengeza zosintha m'Nyumba ya Malamulo, ikutchula maumboni a m'Qur'an ndi Sunnah, ndi kunenetsa kuti siingaloleze chimene Allah analetsa kapena kuletsa chimene Iye analola. Lamulo latsopano la 2004 linakweza zaka zokwatiwira za mtsikana kuchoka pa 15 kufika pa 18, linapatsa mkazi wamkulu ufulu wodzimangira ukwati monga amanenera Ahanafi, ndipo linati wofuna mitala ayambe wapeza chilolezo cha woweruza. Ambiri mwa amene ankakana mu 2000 anavomera, chifukwa tsopano nkhaniyo inkakambidwa m'chilankhulo cha fiqhi.

Panatsala bala lina. Gawo 475 la malamulo a milandu linkapereka mpata kwa munthu wothawitsa mtsikana wamng'ono kuti asazengedwe mlandu akamukwatira, ndipo mabanja ena ankagwiritsa ntchito mpatawu pobisa manyazi a kugwiriridwa. Mu Malichi 2012 mtsikana wa zaka 16 wa m'dera la Larache anadzipha atakwatitsidwa kwa munthu amene makolo ake ankati anamugwirira. Dziko linagwedezeka, ndipo mu Januwale 2014 Nyumba ya Malamulo inachotsa ndimeyo. Tunisia, Jordan ndi Lebanon anachotsa malamulo ofanana nawo mu 2017.

Apa wophunzira atchere khutu. Malamulo a milandu a Morocco a 1962 anatengera kwambiri malamulo a France, ndipo ndime yoteroyo simungaipeze kwa Imam Malik. Mu Al-Muwatta, Imam Malik anagamula kuti wogwirira alandire chilango chake, alipirenso mahari oyenera mkaziyo, ndipo wogwiriridwa alibe mlandu. Qadi Abu Bakr ibn al-Arabi, Mmaliki wa ku Andalus amene anamwalira mu 1148, anaika kulanda mkazi ndi mphamvu m'gulu la hiraba, uchifwamba woopseza anthu. Choncho amene ankaganiza kuti kukwatitsa wogwiriridwa kwa womugwirira ndi Chisilamu anali kuteteza mwambo ndi lamulo lochokera kunja.

Sitikunena kuti chilichonse chobwera m'dzina la ufulu wa amayi chilandiridwe osachiyesa. Msilamu amayesa maganizo onse pa muyeso wa Qur'an ndi Sunnah. Koma muyeso womwewo uyesenso miyambo yathu. Kwathu kuno Asilamu ambiri timatsatira Imam Shafi'i, ndipo ngakhale m'madh-hab amenewa kupempha chilolezo cha namwali ndi chinthu chokondedwa, komanso ijbar ili ndi malire, monga lakuti pasakhale udani woonekera pakati pa bambo ndi mwana wake.

Inu aphunzitsi ndi ophunzira, mawa mudzakhala omanga nikah m'mizikiti. Musanawerenge khutba, tsimikizani kuti mkwatibwi wafunsidwa payekha, popanda womuopseza, ndipo wavomera ndi mtima wake. Allah ndiye Wodziwa bwino.