KUKONZA NJINGA KWA MUNTHU WA MSANA WOPINDIKA

M'midzi ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi njinga ndiyo ngolo ya mlimi. Ipereka cimanga ku cigayo, nshawa ku msika, ndipo mwezi wa August ifikitsa anthu ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Koma alipo ena amene msana wao uli wopindikira kumbali kapena wa linunda, ndipo akachova mtunda pang'ono ciuno ndi khosi ziyamba kuwawa. Ena otere aleka njinga, nagulitsa mbeu zao pakhomo pa mtengo wocepa. Kawirikawiri colakwa cili pa njinga, ndipo sipanala ikhoza kucikonza.

Cishalo. Tsamiritsani njinga ku cipupa, khalani pa cishalo, ndi kuika cidendene pa pedulo imene ili pansi penipeni. Mwendo uongoke wosaukakamiza. Pochova mupondera kutsogolo kwa phazi, motero bondo likhala lopindika pang'ono. Ngati ciuno cigwedezeka uku ndi uku, cishalo cakwera kwambiri ndipo msana ulikupotoka pa kuponda kuli konse, citsitseni. Amene mwendo wace wina uli waufupi ayese ndi waufupiwo. Cishalo cisaweramire kutsogolo kapena kumbuyo.

Mahandulo. Akakhala pansi, munthu awerama, ndipo thupi lonse lilemera pa msana ndi m'manja. Akwezeni kufikira mukhale woongoka, zigongono zili zopindika pang'ono. Pa citsulo ca mahandulo ndi ca cishalo pali mzere. Musakweze kupitirira mzerewo, citsulo cingathyoke.

Katundu. Kaliyala ya njinga ya Buffalo inapangidwa kunyamula makilogalamu 100, koma msana wodwala sungapirire zonse zimene citsulo cipirira. Mangani thumba pakati pa kaliyala kuti lisalemere mbali imodzi, ndipo musabereke kanthu kumsana. Pa citunda tsikani ndi kukankha. Pa maenje nyamukani pang'ono pa cishalo, maondo alandire kudumpha kwa njinga.

Musasinthe zonse tsiku limodzi. Sunthani cinthu cimodzi sentimita 1, chovani masiku atatu, ndipo muone ngati kuwawa kwacepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dziwani kuti kukonza njinga kucepetsa kuwawa kokha, sikuongola msana ai. Linunda limene laoneka mwatsopano, makamaka pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, lingakhale cifuwa cacikulu colowa m'mafupa a msana. Nthenda imeneyi ili ndi mankhwala, koma wocedwa angapuwale miyendo. Miyendo ikacita dzanzi, ikafooka, kapena mkodzo ukakanika kugwirika, lekani njinga tsiku lomwelo ndi kupita ku kiliniki kapena ku cipatala ca St Francis ku Katete. Makolo, mwana amene phewa lace lina lakwera kuposa linzace mupite naye akapimidwe akali kukula.