Mayi anga aang'ono analipira kawiri

Mwezi watha mayi anga aang'ono analipira fizi ya mwana wawo pa foni. Netiweki inadula, uthenga wotsimikiza sunabwere, ndiye anabwereza. Ndalama zinachoka kawiri. Popeza ndimalemba mapulogalamu a kompyuta pa kaofesi kena ku Area 3, mlandu unafika kwa ine ngati ndine ndinazidya.

Mukadina *211# kapena *444# kugula mayunitsi a magetsi, kompyuta ya kampani ya foni imatumiza pempho ku kompyuta ina, iyo n'kuyankha. Khomo lolankhuliranali timalitcha API, ndipo kamangidwe kake timakanganirana kwambiri.

Njira yakale ndi SOAP. Ili ngati kalata ya kuboma: envelopu, mutu, ndime iliyonse pamalo pake. Ndi yolemera, koma mabanki anaizolowera chifukwa zonse zimagwirizanidwa pasadakhale. Ina ndi REST, imene Roy Fielding anaifotokoza mu 2000. Apa chinthu chilichonse chili ndi adiresi yake, ndipo mawu olamula ndi ochepa: tenga, ika, sintha, fufuta. Pempho lililonse limanyamula zonse zofunika, kompyuta yolandira sikumbukira zimene munakambirana poyamba. Ine ndimakonda imeneyi, mwina chifukwa ndi imene ndinayamba kuphunzira. Palinso GraphQL, imene Facebook inatulutsa mu 2015, yoti wopempha amatchula zokhazo akufuna. Kuno bando ndi yodula, choncho anzanga achinyamata amaitama.

Koma zimene zinagwera mayi anga sizinachokere pa mkangano umenewu. Mu REST, mukabwereza "tenga" kakhumi palibe chosintha, pamene mukabwereza "ika" ndiye kuti mwalipira kawiri. Mankhwala ake ndi odziwika: pempho lililonse la ndalama likhale ndi nambala yakeyake, ngati ya lisiti. Likabweranso ndi nambala yomweyo, kompyuta iyankhe kuti "ndalandira kale," osachotsanso ndalama. Kumayiko kumene intaneti siidukaduka, wopanga pulogalamu atha kuiwala zimenezi osagwidwa msanga. Kwathu kuno agwidwa sabata yomweyo, koma wovutika ndi mwini ndalama.

Nditamva nkhani ya mayi anga ndinakaunikanso pulogalamu imene ndinalembera sitolo ina ya ku Old Town. Nambalayo munalibe. Ndinaikamo usiku womwewo. Mayi anga anabwezeredwa ndalama zawo patatha masabata atatu, atakwera minibasi kanayi kuchokera ku Likuni.